Mzere wanga ukudutsa pa madontho onse, nanga akundikaniranji?

WaZaMademo: Moni nonse. Funso langa likupita kwa anthu a masamu koma aliyense atha kuyankha. Ndikulemba thesis pa mmene uthenga wa mademo umafalikira pa intaneti, nde ndatenga hashtag imodzi ndikuwerenga ma post ake tsiku ndi tsiku kuyambira pomwe inayaka mpaka pomwe inazilala. Manambalawo ndaika pa graph kenako ndauza kompyuta ijambule mzere wa polynomial, uja wophatikiza x, x², x³ ndi zotero, pomwe degree ndi power yayikulu ya x, pa degree 2 sumagwira, pa 3 pang'ono, koma nditakweza mpaka degree 9 mzere ukudutsa pafupifupi pa dontho lililonse ndipo R squared, nambala yoonetsa mmene mzere wagwirira madontho, yakwera bwino zedi. Asupavayiza anga angolemba m'mbali kuti chotsani izi, osafotokoza. Vuto lili pati? Si mzere wogwira bwino womwe timafuna?

WaMasamu: Achemwali, asupavayiza anuwo akunena zoona, angolakwa posafotokoza. Madontho awiri aliwonse mutha kuwalumikiza ndi mzere wowongoka eti? Atatu mumawalumikiza ndi parabola, ija ya x². Lamulo lake limangopitirira choncho, madontho 10 aliwonse, bola asakhale pa x imodzimodzi, ali ndi polynomial ya degree yosapitirira 9 yomwe imadutsa pa onsewo ndendende. Ngakhale manambalawo mutangowalemba kuchokera m'mutu. Nde kudutsa pa madonthoko sikukutiuza kanthu za mademo anu, kukungotiuza kuti mwaupatsa mzere mfundo zambiri zopindira. Zili ngati waya wofewa, mutha kuupinda kuti ukhudze msomali uliwonse womwe wakhomedwa pa thabwa, koma wayayo sadziwa chifukwa chomwe misomaliyo inakhomedwera pamenepo.

WaMasamu: Yesani chinthu chimodzi pompano. Uzeni kompyuta ipitirize mzerewo sabata imodzi kutsogolo kwa deta yanu, mutiuze zomwe muone

WaZaMademo: Aaa watsika mpaka pansi pa zero, ma post a negative

WaMasamu: Ndi zimenezo. Polynomial iliyonse yomwe si nambala yokhazikika, x ikamakula imathawira kumwamba kapena pansi osabwerera. Pomwe hashtag ikamafa imangotsika pang'onopang'ono kuyandikira zero. Ndipo vuto si kutsogolo kokha, ngakhale mkati mwa deta momwemo. Carl Runge anaonetsa izi mu 1901, anatenga function yofatsa bwinobwino, yonga 1/(1+25x²) pakati pa -1 ndi 1, ukaika madontho otalikirana mofanana nkumakweza degree, mmalo moti mzere uziyandikira choonadi umayamba kugwedezeka koopsa m'mphepete, ukawonjezera madontho kugwedezekako kumakulanso. Mankhwala ake ndi kuunjika madontho cha m'mphepete monga mwa njira ya Chebyshev, koma inu simungasankhe madontho, masiku anabwera mmene anabwerera.

AmayiASociology: Ndiwonjezere apa. Izi si za ana a sukulu okha ayi. Mu May 2020 alangizi a zachuma a ku White House anatulutsa graph ya imfa za Covid yokhala ndi mzere wa cubic, degree 3, womwe unkatsika kufika pa zero chapakati pa mwezi womwewo. Tonse tikudziwa zomwe zinachitika. Ndipo Andrew Gelman ndi Guido Imbens analemba pepala lathunthu, linatuluka 2019, lochenjeza anthu a social science kuti asamagwiritse ma polynomial a degree yayikulu pa regression discontinuity, njira yoyerekeza omwe ali pansi pang'ono ndi pamwamba pang'ono pa malire ena ake. Mwana wanga, kalifufuzeni limenelo muliike mu chapter ya methods.

WaZaMademo: Zikomo amayi. Koma nde ndikufunsebe, ngati zili chonchi ma polynomial ntchito yake ndi yanji? Chifukwa pa kosi ya statistics anatiphunzitsa ngati chida chabwino

MlondaWaThambo: Ndi chida chabwinodi, musachitaye. Ife a zakuthambo sitigona tsiku osachigwira. Ndikatenga kuwala kwa mlalang'amba nkukumwaza kukhala spectrum, ndimapeza timizere tomwe timandiuza kuti muli hydrogen, muli oxygen, ndipo mlalang'ambawo ukutithawa pa liwiro lanji. Koma timizereto timakhala pamwamba pa chimzere china chokhota pang'onopang'ono chochokera ku nyenyezi zonse pamodzi ndi ku makina enieniwo. Chimenecho ndimachiyeza ndi polynomial ya degree yotsika nkuchichotsa kuti timizere tioneke. Kusiyana kwake ndi inu achemwali nkwakuti ine polynomial ndimaigwiritsa kuyeza chomwe ndikufuna kutaya, inu mwaigwiritsa kufotokoza chomwe mukufuna kumvetsa. Ndipo ngakhale potayapo pamafunika mantha, ukakweza degree kwambiri imadya ndi timizere tomwe ukufunato.

WaMaCode: Zinachitikapo kuti inadyadi chinthu chenicheni?

MlondaWaThambo: Pali mkangano waukulu womwe wakhala pamenepo. Mu 2018 gulu la EDGES, lomwe lili ndi kachipangizo ka wailesi ku chipululu cha Western Australia, linalengeza mu Nature kuti laona chizindikiro cha nyenyezi zoyambirira, kadzenje mu spectrum cha pa 78 MHz, kochokera pa nthawi yomwe chilengedwe chinali ndi zaka pafupifupi 180 miliyoni. Vuto nlakuti mlalang'amba wathu womwewu umachita phokoso pa wailesi loposa kachizindikiroko maulendo masauzande, nde kuti ukaone uyenera kuyeza phokosolo ndi mzere wosalala wa ma term ochepa nkulichotsa, chotsalacho ndiye umati ndi chizindikiro. Kadzenje komwe anapeza kanali kozama pafupifupi kawiri kuposa mmene ma theory amalolera. Anthu ena anatenga deta yomweyo nkusintha mzere wochotsera uja, anaona kuti chotsala chimasintha maonekedwe. Kenako gulu la ku India la SARAS 3 linayandamitsa chipangizo chawo pa nyanja kuti nthaka isasokoneze, mu 2022 linati ife sitikuchiona. Ineyo ndimalemekeza a EDGES chifukwa anaika deta yawo poyera kuti ena aiyese, komabe pamenepa ndi pomwe ndinaona kuti kusankha mzere kutha kukhala nkhani yonse.

MphunzitsiWopuma: Ana anga ndakhala ndikuwerenga mwachidwi. Ine ndaphunzitsa quadratic formula zaka zambiri, ndipo chaka chilichonse pamapezeka mwana wofunsa kuti nanga ya x³ ilipo? ya x⁵? Ndinkayankha kuti ya 3 ndi 4 zilipo, ya 5 palibe. Koma ndikufuna a WaMasamu atilongosolere bwino mawu oti palibe, chifukwa ana ambiri amamva ngati sanaipezebe.

WaMasamu: Aphunzitsi mwagunda pomwe ndimakonda. Za degree 2 anthu a ku Babylon ankazithetsa kale kwambiri pa mapale a dongo, ndipo al-Khwarizmi ku Baghdad cha m'ma 820 analemba njira zake mwadongosolo. Degree 3 inadikira mpaka ku Italy, Scipione del Ferro anapeza njira nkuibisa, Tartaglia anaipezanso payekha, Cardano anamunyengerera mpaka anamuuza atalumbira kuti saulula, kenako Cardano ataona zolemba za del Ferro anaisindikiza mu 1545 pamodzi ndi ya degree 4 yomwe anapeza wophunzira wake Ferrari. Tartaglia anakwiya mpaka imfa. Nde aliyense ankati ya 5 ikubwera, zinapita zaka zoposa 250. Ruffini mu 1799 anati sizingatheke koma umboni wake unali ndi mpata, Abel mu 1824 anautseka. Tanthauzo lake si lakuti equation ya degree 5 ilibe mayankho ayi, mayankho alipo, asanu ukawerengera ndi ma complex number, ndipo kompyuta imawapeza mpaka decimal iliyonse yomwe mukufuna. Chomwe palibe ndi formula imodzi yogwira pa zonse yopangidwa ndi kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa, kugawa ndi ma root basi. Mwachitsanzo x⁵ - x - 1 = 0 ili ndi yankho pakati pa 1 ndi 2 koma simungalilembe ndi ma root.

WaMasamu: Amene anafotokoza chifukwa chake ndi Galois. Iye sanafunse kuti yankho ndi chani, anafunsa kuti mayankhowa ndingawasinthanitse malo m'njira zingati popanda kuphwanya ubale womwe ulipo pakati pawo. Njira zosinthanitsazo zimapanga gulu, group, ndipo ngati gululo limagawika pang'onopang'ono m'tizidutswa tosavuta ndiye formula ilipo. Pa zinthu zinayi limagawika, pa zisanu pali chigawo cha masinthidwe 60 chomwe sichigawika. Mnyamatayo anafa mu 1832 ali ndi zaka 20 atawomberedwa pa duel, zolemba zake Liouville anazisindikiza 1846. Ndipo achemwali a mademo mungakonde kudziwa kuti Galois anali wa ndale za republican ku Paris, anamangidwapo chifukwa cha zimenezo.

MphunzitsiWopuma: Zikomo kwambiri mwana wanga. Zakuti 60 sizigawika ndiye ndizifufuza ndekha, ndili ndi nthawi.

WaMaCode: Ine ndiikire kumbuyo ma polynomial pang'ono, chifukwa khalidwe lomwe lawapweteka achemwaliwa ndi lomwe timadyera ife. Popeza madontho 10 amakwanira kuzindikira polynomial ya degree 9, ukafuna kutumiza manambala 10 umawasandutsa polynomial nkutumiza madontho 14 mmalo mwa 10. Anayi akatayika panjira otsalawo amakwanabe kubwezeretsa uthenga wonse. Ndi Reed-Solomon code imeneyo, ya 1960. Ili mu ma CD, ili mu QR code, nchifukwa chake QR yong'ambika pang'ono imawerengekabe, ndipo Voyager 2 inaigwiritsa potumiza zithunzi kuchokera ku Uranus ndi Neptune. Kusiyana kwake nkwakuti ife tikudziwa kuti polynomial ilipodi chifukwa tinaiikamo tokha

MlondaWaThambo: Eya, mawu omalizawo ndi ofunika. Chitsanzo china, galasi la telesikopu likapindika molakwika timafotokoza kupindikako ndi ma polynomial a Zernike, a 1934, ndipo term iliyonse ili ndi tanthauzo lomwe wopanga magalasi amalidziwa, iyi ndi focus, iyi ndi coma, iyi ndi spherical aberration. Telesikopu ya Hubble itakwera kuthambo mu 1990 zithunzi zinali zachimbuuzi, anthu anayang'ana mmene nyenyezi zikumwazikira pa chithunzi nkuwerengera kuti galasi la mamita 2.4 lija linaphwatalala mopitirira m'mphepete ndi ma micrometre awiri okha. Kuwerengerako kunathandiza kupanga timagalasi tokonzera tomwe anakaika mu December 1993. Nde achemwali funso nlakuti, mu polynomial yanuyo, nambala yomwe ili kutsogolo kwa x⁷ ikuimira chani pa moyo wa anthu ochita mademo?

WaZaMademo: Palibe chomwe ikuimira. Chabwino, pamenepo ndamva. Koma nde ndiikepo chani mmalo mwake, chifukwa kukwera ndi kutsika kwa ma post kulipodi, sindinapeke

AmayiASociology: Musanathamangire mzere wina, ine ndili ndi nkhawa ndi madontho enieniwo. Mukuwerenga ma post, koma mutu wa thesis ukuti mmene gulu limalumikizirana. Si chinthu chimodzi. Taonani Montgomery ku America, Rosa Parks anamangidwa pa 1 December 1955 atakana kusiyira mzungu mpando m'basi, usiku womwewo Jo Ann Robinson wa Women's Political Council anasindikiza timapepala masauzande ambirimbiri pa makina a pa koleji, kutacha tinagawidwa. Anthu ananyanyala mabasi masiku 381. Timapepalato ndiye tinayatsa, koma chomwe chinasunga anthu chaka chathunthu ndi misonkhano ya m'matchalitchi madzulo, ndi dongosolo la magalimoto onyamula anthu kupita ku ntchito tsiku lililonse, ndi amayi omwe ankasonkhanitsa ndalama za mafuta. Wowerenga timapepala tokha akanaona phiri limodzi sabata yoyamba kenako zii, akanati gulu lafa. Zeynep Tufekci mu buku lake la 2017 anatsindika zomwezi poyerekeza ndi mademo a ku Tahrir ku Egypt ndi Gezi Park ku Turkey, kuti intaneti imasonkhanitsa khamu msanga popanda kudutsa mu ntchito yotopetsa ija, koma ntchito yotopetsayo ndi yomwe imaphunzitsa gulu kupanga chiganizo limodzi zinthu zikavuta.

MlondaWaThambo: Amayi zomwe mukunenazi zikundikumbutsa Vera Rubin. Kuno kwa dzuwa lathu, dziko likakhala kutali limayenda pang'onopang'ono, Mercury imathamanga makilomita pafupifupi 47 pa sekondi, Neptune 5 okha, chifukwa kulemera konse kuli pakati. Anthu ankayembekeza zomwezo ku milalang'amba poti kuwala kwambiri kuli pakati. Rubin ndi Kent Ford anayeza mlalang'amba wa Andromeda, pepala la 1970, kenako milalang'amba ina yambiri, anapeza kuti zakunja m'mphepete zikuzungulira pa liwiro lofanana ndi zamkati, mzere sukutsika. A wailesi poyeza hydrogen pa 21 cm anapita kutali kuposa pomwe nyenyezi zimathera, mzere uli chigonere. Kutanthauza kuti pali kulemera kwina kochuluka komwe sikuwala. Fritz Zwicky anali atanenapo kale mu 1933 ataona milalang'amba ya ku Coma ikuthamanga mopitirira. Lero timati dark matter ndi yochuluka pafupifupi kasanu kuposa zinthu wamba. Nde ma post anu ndi kuwala, funso nlakuti kulemera kuli kuti

WaMaCode: Kuli mu WhatsApp

AmayiASociology: Mbali yayikulu inde, ndi m'misonkhano ya maso ndi maso. Ndipo mmenemo wofufuza salowa, ndi encrypted. Ngakhale zapoyera zomwe zikutsekeka, Twitter inasiya kupereka API yaulere, njira yotengera deta, kwa ofufuza mu 2023, Meta inatseka CrowdTangle, chida chotsatira ma post a Facebook ndi Instagram, mu August 2024. Komabe a Mlonda ndikutsutsaniko pang'ono. Fanizo lanu ndi lokoma koma lili ndi malire. Nyenyezi siziwerenga pepala lanu nkusintha kayendedwe. Anthu amatero. Akadziwa kuti hashtag ikuyang'aniridwa amasintha, ena amalemba mophiphiritsa, boma limatumiza ma account ake kudzadzaza phokoso, kapena limangothimitsa. Ku Egypt pa 28 January 2011 anadula intaneti, ma post ochokera mkati mwa dziko anagwa, koma tsiku lomwelo ndi lomwe anthu anasefukira m'misewu. Pa graph ya mwana wathuyu limenelo likanaoneka ngati tsiku lomwe gulu linafooka.

MlondaWaThambo: Ndavomera amayi, mphamvu yokoka siisintha maganizo. Koma pali vuto limodzi lomwe tikugawana ndithu. Ukayang'ana kutali umangoona zowala kwambiri, zofooka sizifika pa makina, nde ukapanda kusamala umati milalang'amba ya kutali yonse ndi ikuluikulu. Timati Malmquist bias, yadziwika kuyambira m'ma 1920. Telesikopu ya James Webb itayamba kutumiza zithunzi mu 2022 nkupeza milalang'amba yowala modabwitsa ya m'nthawi yoyambirira, monga JADES-GS-z14-0 yomwe tikuiona mmene inalili patangopita zaka pafupifupi 290 miliyoni chilengedwe chiyambireni, funso loyamba la aliyense linali lomwelo, kodi iyi ndi yoimira anzake kapena ndi yokhayo yomwe tatha kuiona

WaZaMademo: Zimenezo ndikuziona mu deta yanga. Ma account ochepa chabe ndi omwe alemba mbali yayikulu ya ma post, ena onse kamodzi kapena kawiri basi. Ndinkaganiza zowachotsa akamodzikamodziwo ngati phokoso

AmayiASociology: Ayi musawachotse! Pablo Barberá ndi anzake mu 2015 anayang'ana za Gezi Park ndi mademo ena, anapeza kuti anthu a m'mphepetewa, olemba kamodzikamodzi, chifukwa cha kuchuluka kwawo ndi omwe amafikitsa uthenga wa a pakati aja kutali. Ukawachotsa uthenga umafika pafupi. Koma kufalitsa uthenga ndi kupita pa msewu ndi zinthu ziwiri. Granovetter mu 1973 anaonetsa kuti nkhani zatsopano zimatipeza kudzera kwa anthu omwe timangodziwana nawo patali. Doug McAdam anatenga mafomu a omwe analembetsa Freedom Summer ya 1964, kampeni yolembetsa anthu akuda kuti azivota ku Mississippi, nkuyerekeza omwe anapitadi ndi omwe anabwerera m'mbuyo, onse anali ndi mtima wofuna, koma opitawo ambiri anali ndi mnzawo weniweni yemwe ankapitanso. Pomwe pali chiopsezo munthu safuna kumva kamodzi kwa mlendo, amafuna aone anthu ake angapo. Damon Centola ndi Michael Macy anazitcha complex contagion mu 2007.

WaMasamu: Amayi mwatchula Granovetter, ali ndi pepala lina la 1978 lomwe ndimalikonda chifukwa likuonetsa bwino chomwe mzere wosalala sungagwire. Tiyerekeze anthu 100 pa bwalo. Woyamba amayamba yekha, wachiwiri amalowa akaona mmodzi, wachitatu akaona awiri, mpaka womaliza akaona 99. Onse 100 alowa. Tsopano sinthani munthu mmodzi yekha, uja wolowa akaona mmodzi akhale wofuna kuona awiri. Woyamba ayamba, palibe wotsatira, zathera pomwepo. Magulu awiriwa ndi ofanana pafupifupi pa chilichonse chomwe mungayeze, koma kwina kwayaka kwina ayi. Nde model yanu achemwali iyambire kwa munthu, amalowa liti, amauza angati, amatopa liti. Mzere ubwere pambuyo kuchokera ku zimenezo.

WaZaMademo: Nde polynomial yatuluka mu thesis yonse?

WaMasamu: Ibweranso koma polowera kwina. Tiyerekeze munthu aliyense wolandira uthenga, mwa anayi alionse mmodzi sauza aliyense, mmodzi amauza munthu mmodzi, awiri amauza anthu awiri. Manambalawa ndangopeka kuti tione njira. Lembani f(s) = 1/4 + s/4 + s²/2. Nambala iliyonse pamenepo ili ndi tanthauzo, ndi mwayi woti munthu auze 0, 1 kapena 2. Mukafuna kudziwa mwayi woti uthenga woyamba ndi munthu mmodzi uzafera panjira, thetsani f(s) = s. Zikupatsani 2s² - 3s + 1 = 0, mayankho ndi 1 ndi 1/2, mumatenga laling'onolo. Ndiye kuti ngakhale pa avareji munthu akuuza anthu 1.25, theka la mauthenga otere limafa lokha popanda wolithimitsa. Ndi njira ya Galton ndi Watson ya m'ma 1870, iwo ankafunsa chifukwa chomwe maina a mabanja ena amathera. Ndi yophweka mopitirira chifukwa ikuyesa kuti kumva kamodzi nkokwanira, amayi atitsutsa pomwepo, koma ndi poyambira pomwe mungayerekeze ndi deta.

MphunzitsiWopuma: Imeneyo ndi factorisation ya ku sekondale, (2s - 1)(s - 1). Ndikanakhala nacho chitsanzo chimenechi ndili m'kalasi ana akanasiya kufunsa kuti izi tidzazigwiritsa kuti.

AmayiASociology: Ndipo zikugwirizana ndi zomwe Sharad Goel, Duncan Watts ndi Daniel Goldstein anapeza mu 2012, kuti pa intaneti zinthu zambiri sizipita patali, zimathera kwa woyamba kapena sitepe imodzi kuchokera kwa iye. Ife timafufuza ma hashtag omwe anayaka okha, #FeesMustFall ya 2015, #EndSARS ya 2020, koma omwe anafa tsiku loyamba palibe amawasunga. Mwana wanga ngati mungapeze ngakhale ochepa a nthawi yomweyo, pa nkhani yomweyo, omwe sanayake, thesis yanu ikhala ndi choyerekezera.

WaZaMademo: Ndiyesa, ilipo ina yomwe anthu anayamba nayo asanasamukire ku iyi. Funso lina, gawo lachiwiri ndikugawa ma post m'magulu, lodandaula, loitana anthu, lonena yemwe walakwa, motsatira za framing za Snow ndi Benford. Ndikugawa ndekha. Ndi vuto?

MlondaWaThambo: Ndiyankhe ine ngakhale si dera langa, chifukwa ife tinadutsamo. Mu 2007 Kevin Schawinski ndi Chris Lintott ku Oxford anali ndi zithunzi za milalang'amba pafupifupi 900,000 za Sloan Digital Sky Survey zofunika kugawa, iyi ndi yozungulira ngati kamvuluvulu iyi ndi yobulungira. Anatsegula Galaxy Zoo kuti anthu wamba athandize ndipo chithunzi chilichonse chinaonedwa ndi anthu ambiri. Nde panatuluka chodabwitsa, milalang'amba yopota mobwerera kumanzere inkaoneka yochuluka kuposa yopota motsata wotchi. Zikanakhala zoona ikanakhala nkhani yayikulu zedi yokhudza chilengedwe chonse. Anachita chinthu chanzeru, anatembenuza zithunzi zina ngati pa kalilole nkuzibwezera osauza anthu. Anthu anapitirizabe kusankha mbali yomweyo mochuluka. Kukondera kunali mwa oonawo osati kuthambo. Nde pezani munthu wachiwiri agawe gawo lina la ma post anu asanaone zanu, ndipo ngati nkotheka bisani maina a olemba ndi masiku.

MlondaWaThambo: Komanso musiye danga la zomwe sizikulowa m'gulu lililonse. Ku Galaxy Zoo komweko mphunzitsi wa ku Netherlands, Hanny van Arkel, anaona kachinthu pafupi ndi mlalang'amba wina komwe sikanali pa mabatani osankha, anafunsa kuti ichi nchani, chinapezeka kuti ndi mtambo wa gas wowalitsidwa ndi quasar, pakati powala kwambiri pa mlalang'amba, yomwe inazilala kale. Akanangodina batani loyandikira nkupitirira sitikanadziwa

AmayiASociology: Ndi zomwezo kwathu kuno timati intercoder reliability, muwerengere Cohen's kappa kapena Krippendorff's alpha, nambala yoonetsa mmene ogawa awiriwo agwirizanira, nkuilemba poyera ngakhale itatsika. Ndipo muwonjezere ma interview ndi ena mwa okonza mademowo, muwafunse zomwe zinkachitika masiku omwe graph yanu ili pansi.

WaZaMademo: Pamenepo ndili ndi mwayi, mmodzi wandiuza kuti atha kundipatsa ma chat onse a gulu lawo la WhatsApp la nthawi imeneyo, angopanga export. Ndilandire?

AmayiASociology: Musalandire kaye. Iyeyo wavomera koma ena onse a m'gulumo sanavomere, ndipo munalembedwa zinthu zomwe zingamangitse munthu kapena kumuchotsetsa ntchito. Kuchotsa maina sikukwanira, chiganizo chimodzi chokha chitha kuzindikiritsa wolemba kwa amene ankamudziwa. Pitani nazo ku komiti ya ethics ya pa sukulu panu musanakhudze file imeneyo. Chomwe mungachite pakadali pano, mukhale naye pansi iyeyo atsegule foni yake yekha, azikuuzani tsiku ndi tsiku kuti apa tinkakangana za njira yodutsa, apa tinkasaka ndalama za belo, inu muzilemba zomwe akunena osakopera mawu a anthu ena. Ngakhale zimenezo zikhale mu fomu ya consent.

WaMaCode: Ndipo ma interview musasunge pa cloud ya wamba, encrypt drive. Ndikutumizirani njira yake ku inbox

WaZaMademo: Chabwino. Nde ndachotsa degree 9, madontho ndiwasiya opanda mzere koma ndiika zochitika za masikuwo pambali pake, kumangidwa kwa atsogoleri, tsiku lomwe network inavuta. A WaMasamu, ya Galton-Watson ija ndingapeze bwanji mwayi wa 0, 1, 2 kuchokera mu ma repost? Deta yanga imangoonetsa post yoyambirira, sionetsa kuti munthu anaiona kudzera kwa ndani

WaMasamu: Limenelo ndi vuto lodziwika, ma repost onse amaloza kwa woyamba nde mtengo umaoneka wa nthambi imodzi. Ofufuza amaumanganso poyang'ana yemwe amatsatira yani ndi nthawi, amati munthu anaiona kwa womaliza kuipanga repost mwa omwe iye amawatsatira. Muli ndi mndandanda wa ma follower wa nthawi imeneyo?

WaZaMademo: Wa ma account akuluakulu okha

WaMasamu: Ndiye tiyambe ndi amenewo, koma mulembe momveka kuti nthambi za ang'onoang'ono zikusowa ndipo manambala a f(s) apendekera kwa akuluakulu. Nditumizireni ma column omwe muli nawo, maina a ma account muwasinthe akhale manambala musanatumize.